Inshuwaransi ya nyumba yatsopano: ambirife timalakwitsa nambala imodzi

Abale anga amene mwangolowa m'nyumba yatsopano, kaya munamanga nokha pang'onopang'ono kaya mwagula ndi ngongole ya kubanki, ndikufuna tikambirane za nambala imodzi. Pa fomu ya inshuwaransi pamakhala malo oti mulembepo mtengo wa nyumba yanu, umene akampani amati sum insured. Ambiri amalembapo ndalama imene anagulira nyumbayo. Ena amalembapo ngongole imene banki inawapatsa. Enanso amachepetsa dala kuti ndalama yolipira pachaka itsike. Ndimawamvetsa onsewa, chifukwa munthu akamalowa m'nyumba yatsopano m'thumba mumakhala mutauma. Koma pa nambala zitatuzi palibe yolondola.

Yolondola ndi ndalama imene ingafunike kuti nyumbayo imangidwenso lero, itapsa kapena kugwa: simenti, njerwa, malata, matabwa, zitsulo, mawaya, malipiro a amisiri, kuchotsa zogumuka ndi kujambulanso pulani. Poloti silowa nawo m'menemo, chifukwa dothi silipsa. N'chifukwa chake munthu amene wagula nyumba ku Namiwawa kapena ku Area 47, kumene malo ndi okwera mtengo, akalemba mtengo wogulira amalipirira ndi malo omwe pachabe. Mnzake amene wagula kunja kwa tauni, kumene malo ndi otsikirako, amapezeka kuti walemba ndalama yosakwanira kumangiranso.

Tsono pamene pamandiwawa kwambiri ndi apa. Anthu amaganiza kuti ukalemba ndalama yochepa, vuto limabwera pokhapokha nyumba yonse ikatheratu. Ayi ndithu. M'mapepala ambiri a inshuwaransi ya nyumba muli lamulo limene amalitcha average. Tiyerekeze kuti kumanganso nyumba yanu kungadye K120 miliyoni, koma inu munalemba K60 miliyoni. Moto wabuka m'khitchini, wanyambita siling'i ndi mbali ina ya denga, ndipo zowonongeka zakwana K20 miliyoni. Inu mumtima muli phee, mukuti 20 ndi yochepa kwa 60. Kampani ikatumiza katswiri wake kudzayeza, iye akuti nyumbayi munaitchinjiriza theka lokha, choncho tikupatsani theka la zowonongeka, K10 miliyoni. Pamenepo achotsaponso excess, ndalama imene mwininyumba amayenera kudzilipirira yekha pa ngozi iliyonse. Kampani sinabe, zinalembedwa m'chikalata chimene munasaina. Koma banja likugona m'nyumba yopanda denga, ndipo ndalama yapachaka imene munapulumutsa ija siingagule ngakhale malata a chipinda chimodzi.

Kuno kwathu vutoli limakula chifukwa cha kwacha. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Aliyense amene wagulapo thumba la simenti kuyambira nthawi imeneyo akudziwa zimene zinatsatira. Ndiye kuti ngakhale munthu amene analemba nambala yolondola tsiku lolowa m'nyumba, ngati chaka ndi chaka amangolipira osaikweza, lero nyumba yake ndi yotchinjirizidwa mbali yochepa chabe. Maganizo anga ndi akuti pezani quantity surveyor (katswiri wowerengera mtengo wa zomangamanga) kapena mmisiri wodalirika akuwerengereni poyamba, ndipo chaka chilichonse musanalipire muifunsenso nambalayo. Mukamanga mpanda, boys' quarter, mukaika sola, thanki kapena pampu ya mjigo, auzeni akampani zilowe m'chikalata.

Amene munagula ndi ngongole, musangoti banki inakonza zonse. Banki imafuna inshuwaransi kuti iteteze ndalama yake. Funsani kuti imene akukudulaniyo ndi ya nyumba kapena ndi ya moyo wanu, yomaliza ngongole inu mukamwalira, pakuti izi ndi ziwiri zosiyana. Ndipo inshuwaransi ya nyumba imakhudza makoma, denga ndi zomangiriridwa basi. Mipando, filiji, TV ndi zovala zimafuna inshuwaransi ya katundu wa m'nyumba. Jambulani katunduyo ndi malisiti ake pafoni, zithunzizo mudzitumizire pa imelo, chifukwa risiti yosungidwa m'kabati imapsera limodzi ndi kabatiyo.

Kenako pali nkhani ya madzi ndi mapiri. Tonse tikukumbukira March 2023, pamene namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndi zimene zinachitikanso ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Kwa ife zonsezi ndi ngozi ya mvula, koma m'chikalata cha inshuwaransi mphepo yamkuntho, madzi osefukira, kugumuka kwa nthaka ndi kutitimira kwa maziko zimalembedwa padera, ndipo ziwiri zomalizazi nthawi zambiri siziwerengedwa pokhapokha mutazipempha. Ngati nyumba yanu ili m'tsinde mwa phiri, pafupi ndi mtsinje kapena padambo, tchulani ngozi iliyonse ndi dzina lake ndipo yankho akupatseni lolembedwa. Mawu a pakamwa a wogulitsa inshuwaransi sakuthandizani tsiku lopempha chipukuta misozi. Dziwaninso kuti chiswe chikadya milimo ya denga, kapena khoma likang'aluka chifukwa mmisiri anachepetsa simenti, inshuwaransi nthawi zambiri siilipira. Imeneyo si ngozi yadzidzidzi.

Pa fomu nenani zoona, ngakhale zikweze mtengo. Ngati mwaikamo anthu a lendi, ngati chipinda chakumaso mwatsegulamo saluni kapena kagolosale, ngati pabwalo pali kanyumba kofolera ndi udzu kogundana ndi nyumba yaikulu, lembani. Kampani ikadzazindikira yokha pambuyo pa ngozi, ili ndi mphamvu yokana kulipira. Abale athu a ku Johannesburg ndi ku London amene mukumanga kumudzi kuno, inu makamaka werengani ndime ya nyumba yosakhalamo munthu. Zikalata zambiri zimaika chiwerengero cha masiku, ndipo nyumba ikakhala yotseka kupitirira pamenepo, chitetezo china, monga cha kuba, chimaima ngakhale mukulipira mokhulupirika.

Musanapereke ndalama, tsimikizani kuti kampaniyo kapena broker (mkhalapakati wa inu ndi kampani ya inshuwaransi) amene akukuthandizaniyo ali ndi chiphaso cha Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, komwenso mungakadandaule mukasemphana. Mukalipira, tengani risiti ndi chikalata chonse, osati tsamba loyamba lokha, ndipo muyambe kuwerenga pamene alemba zinthu zimene sadzalipira.