Bambo akakalamba, makiyi a galimoto tiwatani?

Nkhani iyi ili m'makomo ambiri koma timaizemba. Makolo athu akukula, maso ayamba kuchita chidima, khosi silikutembenukanso bwino, komabe m'mawa uliwonse amaliza galimoto kapena mota (njinga yamoto) n'kulowa mumsewu. Ife ana timangokankhirana. Mlongo amati awauze ndi achimwene, achimwene amati awauze ndi amayi, amayi nawo amaopa kuoneka ngati akunyoza amuna awo. Zimathera pomwepo.

Kwa ine, zaka pazokha sizinena zambiri. Kuno ku Angónia kuli madala a zaka za m'ma 70 amene amayendetsa modekha kuposa anyamata ambiri oyendetsa chapa (minibasi). Kalata yoyendetsera galimoto ya ku INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto, imene ili m'thumba mwawo nayonso siingatiuze mmene maso awo akuonera lero. Tiyang'ane thupi lawo, tiyang'anenso msewu umene akuyendamo.

Msewuwo wasintha kwambiri. Ambiri mwa makolowa anazolowera chiwongolero nkhondo itatha mu 1992, anthu akubwerera kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, nthawi imene munthu ankayenda mtunda wautali osakumana ndi galimoto ina. Malasha atayamba kutuluka ambiri ku Moatize mu 2011, magalimoto anachuluka. Mlatho wa Kassuende, wa pa mtsinje wa Zambezi ku Tete, unatsegulidwa mu 2014, ndipo malole ochokera ku Beira ndi ku Zimbabwe amangotsatizana kulowera ku Zóbuè ndi ku Calomué. Pamsika wa Ulongwe mota zimatulukira paliponse, ku Nyungwe (mzinda wa Tete) kuli ma txopela, njinga zamoto za matayala atatu zonyamula anthu. Munthu amene mwendo wake umachedwa kufika pa buleki, pamsewu wotere alibe mpata.

Choyamba, tiwatengere kuchipatala akaonedwe maso, tisanayambe n'komwe kukamba za makiyi. Okalamba ambiri amene amati magetsi a lole amawathobwa m'maso usiku, kapena kuti akuona ngati kunja kuli utsi, amakhala ali ndi ng'ala. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yosatenga nthawi, ndipo ambiri amayambanso kuona bwino. Zimandiwawa kuganiza kuti pali madala amene analandidwa galimoto pa vuto loti likanachiritsika. Palinso glaucoma, imene imadya maso kuyambira m'mbali popanda ululu uliwonse: kutsogolo munthu akuona, koma mwana wotulukira chakumbali samuona. Shuga nayenso amawononga maso, amachititsanso dzanzi kumapazi, moti phazi silimva bwino pamene laponda. Ndipo funsani mankhwala amene akumwa, chifukwa ena, ngakhale a chimfine ngati piritoni, amagonetsa.

Kuiwala ndiye kumandidetsa nkhawa kwambiri. Munthu wayenda msewu wa ku Mussacama zaka zonsezi, tsiku lina waima pamphambano osadziwa kolowera. Kwathu kuno timafulumira kunena kuti amulodza, kapena choipa kwambiri, kuti iyeyo ndiye mfiti. Ayi, abale anga. Ndi matenda a ubongo amene amagwira ena akakalamba, ndipo munthu wotere akufunika dokotala ndi womuperekeza paulendo.

Bambo anga anatilera ndi pikapu yonyamula mbatata ya kachewere kuchokera ku Tsangano. Pamudzi pakakhala wodwala usiku, kapena mayi woyembekezera, kapena maliro, anthu ankagogoda pakhomo pathu. Ndiye mukamawauza kuti "Bambo, siyani kuyendetsa", iwo amamva kuti mukuti ntchito yawo pamudzi yatha. N'chifukwa chake ndimakana mchitidwe wobisa makiyi kapena kuchotsa batire mwakabisira. Kumeneko n'kumuyesa kholo mwana, ndipo akadzazindikira sadzakukhulupiriraninso pa china chilichonse.

Nkhaniyi isakambidwe pamaso pa adzukulu kapena apongozi. Ipite kudzera mwa munthu amene iwo amamumvera: akulu awo, mnzawo wa msinkhu umodzi, mkulu wa mpingo, kapena dokotala amene wawayeza. Ndipo isakhale ya tsiku limodzi. Ayambe asiya kuyenda usiku ndi m'mamawa wa chifunga wa mu Juni ndi Julaye. Kenako asiye ulendo wa ku Tete, makilomita opitirira 200, wotsikira kumalo kumene kutentha kumapyola madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Kumunda, kutchalitchi ndi kuchigayo apitirize, bola ngati maso ndi miyendo zikulola.

Pali zizindikiro zina zimene sindingakambirane nazo ndi munthu. Akaponda mafuta akufuna kuponda buleki, akakomoka kapena kusinza ali pa chiwongolero, akasochera pamsewu wakwawo, aime tsiku lomwelo, ngakhale akwiye. M'mbali mwa misewu yathuyi mumayenda ana asukulu ndi amayi osenza nkhuni, ndipo iwowo sanavomere kuika moyo wawo pachiswe pofuna kusunga ulemu wa bambo athu. Za mota ndiye musachedwe nazo n'komwe. Wokalamba akagwa n'kuthyoka chiuno, ambiri sadzayendanso ngati kale.

Tsono mawu anga akulu ali kwa ife ana, makamaka amene tili ku Tete, ku Beira, ku Lilongwe kapena ku Joni. N'kosavuta kuimba foni n'kulamula kuti bambo asayendetsenso. Nanga Lachisanu apita bwanji kumsika? Mankhwala a BP akatenga ndani? Amene akufuna kuti kholo lisiye chiwongolero avomere kusenza maulendo akewo. Sonkhani ndalama mwezi uliwonse pa M-Pesa kapena e-Mola, pezani mnyamata wodalirika wa m'banja momwemo amene ali ndi kalata, mumulipire. Galimoto musaigulitse mothamanga, ikhalebe yawo. Azikhala kutsogolo, azinena okha kopita ndi nthawi yonyamukira, ndipo odzapempha thandizo la galimoto azipemphabe kwa iwo.