Nanga usiku pamakhala osamalira angati?

Nkhani ina imene ndawerenga yafotokoza bwino za ukhondo, zogwirira m'bafa ndi zozimitsira moto m'nyumba zosungira okalamba. Zonsezo n'zofunika, koma chimene chimandiwawa mtima ine ndi kuchepa kwa osamalira, makamaka usiku.

Agogo amene satha kutembenuka okha amafunika kuwatembenuza pafupifupi maola awiri alionse. Kupanda kutero amatuluka zilonda m'chiuno ndi ku zidendene, ndipo zikakula zimafika pafupa penipeni. Ndiye wosamalira akhale yekhayekha, uku wina akuitana kuti akataye madzi, uko wina wagwa pabedi, athamangira kuti? Mpaka agogo ena amasiya dala kumwa madzi madzulo poopa kuvutitsa, thupi n'kumauma. Malipiro nawo akakhala ochepa antchito sakhalitsa, chonsecho munthu wodwala matenda oiwalaiwala amadekha akamaona nkhope yomwe anaizolowera.

Tisaiwale za ku Gauteng, South Africa, mu 2016. Boma litachotsa odwala matenda a maganizo ku zipatala za kampani ya Life Esidimeni n'kuwapereka ku mabungwe opanda ziphaso zovomerezeka, anthu 144 anamwalira, ambiri chifukwa cha njala, ludzu ndi kusasamalidwa.

Oyendera nyumba zosungira okalamba azifika mwadzidzidzi, ngakhale pakati pa usiku, osati kuyamba atumiza kalata. Inunso achibale, mukapita kukazonda musamangocheza pabalaza. Onani pamsana pa agogo, gwirani zofunda ngati zili zouma, ndipo funsani kuti usiku watha anagwira ntchito anali angati.