Tachepetsa nsima koma botolo sitinalikhudze

Ndikulemba izi poganizira anzanga amene timayenda nawo m'mamawa kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi kuno ku Mangochi ndi cholinga chochepetsa thupi. Ine mwini ndinatha miyezi ingapo ndikudya mtanda umodzi wa nsima m'malo mwa itatu, ndikumwa tiyi wa shuga wochepa, ndikudzuka dzuwa lisanayambe kuswa mtengo, koma sikelo sinkasuntha. Chimene sindinachiwerengere n'chakuti Lachisanu ndi Loweruka lililonse madzulo ndinkakhala m'mbali mwa nyanja ndi anzanga, mabotolo ali patebulo, ndipo mumtima ndinkati chakumwa si chakudya.

Maganizo anga ndi akuti munthu amene akufuna kuchepetsa thupi ayambe wawerengera mowa asanayambe kulimbana ndi nsima. Galamu imodzi ya mowa weniweni umene uli m'chakumwa imapereka makalori 7 (makalori ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi), pamene galamu ya shuga kapena ya sitachi imapereka 4, ndipo ya mafuta imapereka 9. Botolo la 330 ml la mowa wa mphamvu ya 5 peresenti limakhala ndi makalori pafupifupi 140. Kuno kukatentha mu Okutobala ndi Novembala, botolo lozizira limatsika ngati madzi, ndipo amene wamwa anayi wadutsa makalori 500 asanadye kanthu, chonsecho kuyenda mwachangu kwa theka la ola kumangowotcha pafupifupi zimene zili m'botolo limodzi. Ulendo wonse wa pamlatho uja umathera pa botolo loyamba. Chibuku ndi masese nazonso zimanyamula ufa wa chimanga pamwamba pa mowawo, n'chifukwa chake ena amati n'chakudya.

Koma nkhani yaikulu ili m'chiwindi. Thupi lilibe nkhokwe yosungiramo mowa monga limasungira mafuta, choncho mowa ukangolowa, chiwindi chimaika patsogolo ntchito youphwanya, ndipo kuwotcha mafuta kumachepa mpaka ntchitoyo itatha. Chiwindi sichifulumira, chimafuna pafupifupi ola limodzi kapena kupitirira pa botolo lililonse. Ndiye taganizirani zimene timadya pa maola omwewo: kanyenya, mang'ina, chipisi cha pachiwaya, chambo chokazinga m'mafuta ambiri. Mowa umatsegula chilakolako cha chakudya ndipo umafooketsa kudziletsa, moti munthu amene masana anakana mtanda wachiwiri wa nsima amaitanitsa mbale yachitatu ya nyama usiku popanda kuganiza kawiri. M'mawa mwake matsire amamugwira, tulo sanagone tabwino, kokayenda sapita, ndipo njala imamulondolera ku zakudya zamafuta.

Pali mawu awiri amene ndimawamva kawirikawiri ndipo amandidetsa nkhawa. Ena amati asiya mowa wa m'mabotolo n'kuyamba jini kapena kachasu chifukwa mulibe shuga. N'zoona kuti shuga mulibe, koma makalori ali mu mowa weniweniwo, ndipo ambiri amasakaniza ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zimene botolo limodzi lokha limakhala ndi shuga wodutsa magalamu 30. Apa ndionjezeko kuti abale athu ambiri kuno ku Mangochi samwa mowa chifukwa cha chipembedzo, koma amene akumwa mabotolo atatu a zakumwa zotsekemera patsiku ali pa vuto lofanana ndi lathu pa nkhani ya thupi.

Mawu achiwiri ndi amene amandipweteka kwambiri. Munthu amakulozera bambo wina amene amamwa kachasu tsiku ndi tsiku n'kunena kuti, “Taonani mmene alili owonda, mowa sunenepetsa.” Kuwonda kumeneko si thanzi. Bamboyo sakudya mokwanira, matumbo ake sakuyamwa bwino zofunika m'thupi, mnofu ukusungunuka, ndipo chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Nthawi zina mimba imene imatupa pa munthu wotereyu si mafuta ayi, ndi madzi obwera chifukwa cha matenda a chiwindi. Palibe mmodzi wa ife amene anayamba kuyenda m'mamawa pofuna kuwonda kotero.

Chimene ndikupempha ndi mtima wonse n'chakuti musamadzimane chakudya masana pofuna kusungira malo mowa wa madzulo. Kumwa m'mimba muli mopanda kanthu kumaledzeretsa msanga ndipo kungatsitse shuga wa m'magazi kufika poopsa, makamaka kwa odwala matenda a shuga amene ali pa mankhwala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu Januwale 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza thanzi, choncho sindingakuuzeni kuti mabotolo awiri ali bwino. Ndingonena kuti kuchepetsa kuli ndi phindu looneka, ndipo kusiya kuli ndi lalikulu. Koma amene akhala akumwa kwambiri tsiku lililonse, moti manja amanjenjemera akapanda kumwa, asasiye mwadzidzidzi paokha. Apite kuchipatala akathandizidwe, chifukwa kusiya kotero kungabweretse kukomoka.

Ine ndinayamba ndi kusiya Loweruka, kenako Lachisanu ndinkadya kaye nsima ndi usipa ndi masamba kunyumba ndisanatuluke, ndipo ndinkaika botolo la madzi patsogolo panga. Chovuta sichinali ludzu la mowa, chinali kuyankha anzanga pamene ankafunsa ngati ndadwala kapena ndalowa mpingo watsopano. Ndinawauza zoona zokhazokha, kuti ndatopa kuwoloka mlatho m'mawa uliwonse popanda kusintha, ndipo awiri mwa iwo tsopano timakumana pamlathopo Loweruka m'mamawa, tsiku limene kale tonse tinkagona ndi matsire.