Magemu 10 sangatiuze pulogalamu ya chess yamphamvu

Dzulo pa Chitakale ndinatsutsana kwambiri ndi achimwene ena amene timasewera nawo chess. Akuti anamenyanitsa Stockfish (pulogalamu ya pa kompyuta yosewera chess) yatsopano ndi yakale pa laputopu yawo, magemu 10, yakale yawina imodzi ena onse alepherana, ndiye basi akuti yatsopanoyi ndi yofooka aichotsa. Ine ndakana ndipo mpaka pano ndikukanabe.

Taganizani kapitawo wa ku esiteti ayeze masamba a tsiku limodzi lokha nkunena kuti uyu ndiye katswiri wothyola tiyi. Mwina tsikulo munthuyo anagwera mzere wophukira bwino, mnzake anagwera kumtunda kouma. Dengu limodzi pa sikelo silinena zambiri, timaona makilo a sizoni yonse.

Mapulogalamu amenewa mphamvu zawo zimayandikana kwambiri moti magemu ambiri amangolepherana, ndiye gemu imodzi ikapendekeka chifukwa cha opening (mayendedwe oyambira gemu) imene yakomera mbali imodzi, zotsatira zonse zimapendekeka nayo. Ngati ina ikuposa inzake ndi 10 pa Elo, muyeso wa mphamvu za osewera chess, pa magemu 100 timayembekezera kuti ipeze mapointi 51 ndi kakanthu basi, nanga pa magemu 10 kusiyana kumeneko mukuona bwanji abale?

Onani TCEC, mpikisano wa mapulogalamu a chess, mu 2019. Fainolo ya magemu 100, Stockfish inapambana pulogalamu ina, Leela Chess Zero, 50.5 kwa 49.5, gemu imodzi yokha ikanatembenuka chikho chikanapita kwina. Miyezi yochepa pambuyo pake Leela, itakonzedwanso, inawina 53.5 kwa 46.5. Ngakhale za kompyuta ya Deep Blue ndi katswiri wa chess Kasparov mu 1997 zimene anthu amazitchula daily anali magemu 6 okha, 3.5 kwa 2.5, zimandiwawa kuti nkhani yaikulu chonchi inathera pa magemu ochepa chotero.

Anthu amene amakonza Stockfish savomera zimenezi. Kusintha kulikonse amakuyesa pa Fishtest, pomwe makompyuta a anthu ongodzipereka amasewera magemu masauzande ambirimbiri, opening iliyonse kawiri, kamodzi ndi zoyera kamodzi ndi zakuda, asanavomere kuti inde apa pasinthadi.

Achimwene aja ndawapempha kuti aibwezeretse kaye, laputopuyo tiisiye pa chaja mpaka Loweruka izimenya magemu afupiafupi mwina 500, magetsi akalola, kenako tikhale pansi tiwerenge limodzi.