Mtengo wa emerald suchokera pa mwezi wobadwa

Chaka chilichonse ukafika mwezi wa Meyi, ogulitsa mphete ndi ndolo amayamba kulengeza kuti emerald ndi mwala wa anthu obadwa mwezi umenewu, ndipo ena amawonjezera kuti umabweretsa chikondi ndi mwayi kwa wouvala. Maganizo anga ndi akuti mwalawu ndi woyenera ulemu ndithu, koma osati pa zifukwa zimenezo. Mndandanda wa miyala ya miyezi umene ukugwira ntchito masiku ano unakhazikitsidwa mu 1912 ndi bungwe la ogulitsa zodzikongoletsera ku America, ndipo n'zosadabwitsa kuti amalonda anafuna kuti mwezi uliwonse ukhale ndi katundu wake. Mwalawu unali utatchuka kalekale, pakuti Aigupto ankaukumba m'mapiri a kufupi ndi Nyanja Yofiira zaka zoposa 2,000 zapitazo.

Chimene chimaukweza mtengo ndi kubiriwira kwake. Emerald ndi mwala wa gulu la beryl, ndipo umabiriwira chifukwa cha chromium kapena vanadium wochepa kwambiri amene analowamo pamene unkapangika pansi pa nthaka. Zitsulo zimenezi sizikumana kawirikawiri ndi zinthu zopanga beryl malo amodzi, n'chifukwa chake migodi yotchuka ndi yowerengeka, monga Muzo ndi Chivor ku Colombia, komanso Kagem m'boma la Lufwanyama ku Zambia, umene mu 2021 unatulutsa mwala wolemera makarati 7,525 (karati ndi muyeso wa kulemera kwa miyala yamtengo wapatali) wotchedwa Chipembele. Miyala ya ku Zambia imakhala ndi ayironi wochulukirapo, motero kubiriwira kwake kumapendekera ku buluu. Ineyo imandisangalatsa kuposa ya ku Colombia, ngakhale msika umaikabe ya ku Colombia patsogolo.

Koma nkhani imene ogulitsa ambiri amailambalala ndi ya ming'alu. Pafupifupi mwala uliwonse wa emerald wokumbidwa pansi uli ndi timing'alu ndi tizitsotso m'kati mwake, ndipo ngakhale kulimba kwake kuli pakati pa 7.5 ndi 8 pa sikelo ya Mohs (dayamondi ali pa 10), ukhoza kubenthuka ukagunda chinthu cholimba. Pofuna kubisa timing'aluto, osema miyala amaunyika m'mafuta, makamaka a mtengo wa cedar. Umenewu ndi mchitidwe wovomerezeka, malinga wogula wauzidwa, chifukwa mwala wothiridwa mafuta ambiri mtengo wake umatsika kwambiri poyerekeza ndi wosathiridwa.

Choncho amene mukufuna kugulira mnzanu wobadwa mu Meyi, funsani wogulitsayo kuti mwalawo unachokera kuti ndiponso unathiridwa mafuta ochuluka bwanji, ndipo ngati ndi wa ndalama zambiri, pemphani chikalata cha akatswiri oyeza miyala. Mukaona wobiriwira bwino, wopanda chilema chilichonse, koma wotchipa, kawirikawiri amakhala galasi kapena wopangidwa m'fakitale. Mukagula weniweni, musautsuke ndi madzi otentha kapena sopo wamphamvu, chifukwa mafuta aja amachoka ndipo ming'alu yonse imaonekera.