Foniyi ndinagula ndine, mukuisinthiranji osandifunsa?

Ndakwiya abale anga, ndipo lero sindibisa mawu. Lachitatu usiku ndinagona ndi foni yabwinobwino. Lachinayi m'mawa ndinadzuka ndi foni ya munthu wina m'manja mwanga. Chikuto chomwecho, mng'alu womwewo wa pakona, koma m'kati monse mwasinthidwa ngati nyumba yoti eni ake asamuka ndipo mwalowa alendo.

Kwa masabata awiri kameseji kankangotulukira pa sikirini kuti update, kusintha kwa mapulogalamu a m'foni kochokera kwa opanga ake, yafika. Mayankho anali awiri okha: tsopano, kapena usiku. Poti ndiyankhe kuti ayi panalibe. Tsiku lililonse ndinkakankhira kumbali, mpaka Lachitatulo ndili pakati powerengera kasitomala chenji, kanatulukanso, ndinangodina kuti usiku kuti kandichoke pamaso. Basi. Kudina kumodziko ndiye akuti ndinavomera.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndimadya za nsomba. Chambo ndi kampango zimachokera ku Senga Bay m'bokosi la ayezi, zimakwera minibasi, ine ndimakalandirira ku depoti kuno ku Lilongwe n'kuyamba kugawira amene anaoda. Ntchito yonseyi imayenda pafoni. Wa kunyanja amanditumizira nambala ya kondakitala pa WhatsApp, kondakitala akamayandikira tauni amandiimbira, makasitomala amalipira pafoni, wa kabaza ndimamulipira pafoni. Foniyi kwa ine ndi khasu.

Lachinayilo ndinaichotsa pa tchaja 5:30 m'mawa moto uli 100. Masiku onse moto umenewu umandifikitsa madzulo, ndikafika kunyumba pamakhala patatsala 20 kapena 25. Koma pofika 9 koloko inali pa 41, ndisanaonere kanema ngakhale mmodzi. M'thumba inkatentha ngati mbatata yongovuula kumene paphulusa. Ndinachepetsa kuwala, ndinatseka data, ndinaikulunga mu mpango kuopa dzuwa la Okutobala. 11:20 inathima. Ndipo inathima ndili kuyang'ana meseji ya nambala ya kondakitala, nditangowerenga manambala anayi oyamba.

Mukudziwa mmene ku depoti kumakhalira masana. Ma minibasi a ku Salima ali mbwee, aliyense akukuwa zake, fumbi, utsi, oitanira akukukoka mkono. Ndinayenda galimoto ndi galimoto kufunsa kuti achimwene, simunanyamule bokosi labuluu lochokera ku Senga Bay? Wina akuti funsani kutsogoloko, wina akuti yangotuluka kumene. Ndinakapempha mtsikana wina wa pa kontena kuti anditchajireko, foni inatenga mphindi zoposa khumi kuti ingoyaka, itayaka inayambanso kuzungulitsa kachizindikiro kake kuti ikukonza mapulogalamu. Bokosi ndinalipeza itadutsa 2 koloko, litatsitsidwa pansi pambali pa tayala, padzuwa. Nditatsegula, ayezi yense anali madzi ofunda. Chambo chimene chimafika chowala, maso ali gwa, makha ali ofiira, chinali chitafewa mimba, ukachidina chala chimasiya dzenje. Mayi wa ku Area 25 amene anaoda nsomba za chinkhoswe cha mwana wawo anandiimbira kasanu ndi kawiri osandipeza, anakagula kwina. Sindikuwadandaula, akanatani anthu akudikira chakudya? Madzulo nditawaimbira kupepesa anangoti, "Mwanawe, ukanangondiuza." Mawu amenewo akundiwawa kuposa ndalama zimene ndataya. Ndikanawauza ndi chiyani?

Ndiye funso langa ndi limodzi, ndipo ndilibwereza mpaka wina atope nalo. Foniyi ndi ya ndani? Ndinaigula ndine. Ndinasunga ndalama miyezi inayi, risiti ndili nayo. Palibe amene anandithandiza ngakhale K500. Nanga zikutheka bwanji kuti munthu amene sindinamuonepo, ali kutsidya kwa nyanja, alowe m'chinthu changa usiku ine ndili mtulo, asunthe chilichonse, atuluke, ndipo chitseko chobwererera atseke?

Tiyerekeze mwagula njinga. Patha zaka ziwiri mukuikwera bwinobwino. Tsiku lina mwadzuka mwapeza amene anakugulitsani uja wabwera usiku, waipaka penti yonyezimira, mabuleki wawasamutsira kwina, waikanso mwala wolemera pa kaliyala, n'kukusiyirani kakalata koti takukonzerani. Mungamuthokoze? Mungamusiye?

Tsopano ndikuuzeni zimene andipatsa posinthanitsa ndi moto wanga. Tizithunzi ta mapulogalamu tasanduka tozungulira, tamitundu yotuwa yofanana, moti kuti ndipeze pulogalamu ya ndalama ndikuchita kuwerenga maina limodzilimodzi pamene kale chala chinkapita chokha. Ukakoka sikirini kuchokera pamwamba, kale zonse zinkatsikira pamodzi, mameseji ndi pa data ndi pa tochi. Pano azigawa pawiri: ukakoka kumanzere mameseji, ukakoka kumanja zinazo. Munthu wanyamula bokosi dzanja limodzi, chala chonyowa, ukufuna tochi, ikukutsitsira mameseji. Kumbuyo kwa zolemba ayikako zooneka ngati galasi lachifunga, zokongola ukakhala m'nyumba, koma padzuwa sungawerenge kanthu. Batani la pambali limene ndinkathimitsira foni, pano ukaligwira likukuitanira kanthu kolankhula kofunsa kuti ndikuthandizeni chiyani. Kathandize ndani, Chichewa changa sikakumva? Ndapezamonso mapulogalamu atatu amene sindinaikemo ine, awiri a magemu, ndipo imodzi ikukana kuchotsedwa. Malo osungira zinthu atsika ndi pafupifupi 4 GB, moti foni ikundiuza kuti ndifufute zithunzi. Ndifufute zithunzi za ana anga kuti gemu yawo ikhale?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo kuchedwa kwake! Kutsegula kamera, uwerenge mpaka kanayi. Wina akuimba, foni ikulira koma poyankhira sipakuoneka. Ukalemba, zilembo zikutsalira m'mbuyo mwa chala ngati mwana wotopa paulendo. Sizinkatero Lachitatu. Ndikunenetsa, sizinkatero Lachitatu.

Chinthu chimodzi ndachiona chabwino ndipo ndichinena: tsopano pulogalamu ikafuna kuona zithunzi zanga, foni ikundilola kusankha zithunzi zoti ione m'malo moipatsa zonse. Chabwino ndithu. Ndikudziwanso kuti ma update ena amatseka mipata imene akuba amalowera, ndipo ine amene ndalama zanga zimagona mufoni sindingakane zimenezo. Koma bwanji osandipatsa loko yekhayo? Bwanji loko azibwera atamumangirira pamodzi ndi penti, magemu ndi mwala wa pa kaliyala uja? Ndipatseni zoteteza, zokongoletsazo mundifunse. Kufunsa kokha. Kodi n'kovuta?

Ena mwandilembera kale ku inbox kuti dekhani asisi, foni ikangolandira update imakhala ikusanja zinthu zake masiku awiri kapena atatu, batire imabwerera. Mwina. Lero ndi Lolemba, tsiku lachisanu, ndatchaja kale kawiri. Ndipo ngakhale zikanakhala zoona, bwanji sanalembe pa kameseji kaja kuti mawa foni yanu itha moto msanga, musaike ngati muli ndi ntchito? Mzere umodzi wokha. Ndikanadikira Lamlungu. Nsomba zanga zikanafika kwa mayi aja zili zozizira. Opanga foniwo ankadziwa, ine sindinkadziwa, ndipo anasankha kukhala chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma nsomba siidekha padzuwa.

Wina wandiuzanso kuti walira mvula walira matope, munadina nokha. Ayi achimwene, mvula imeneyi sindinailire ine. Munthu akakufunsa kuti ndikumenye pano kapena usiku, iwe n'kuyankha kuti usiku, sunapemphe kumenyedwa.

Loweruka ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni cha ku Malangalanga. Ndinati achimwene, ibwezereni mmene inalili. Anaitembenuza, anaona nambala yake, anapukusa mutu. Akuti mafoni ambiri a masiku ano akakwera sabwerera, ndipo ngakhale atayesa kuiflasha, zonse za m'kati zifufutika, komanso ikhoza kufa osadzukanso. Ndiye anandiuza kuti mwina tisinthe batire, kapena mungogula ina aunt. Mungogula ina! Mmene mitengo ya mafoni ilili panopa, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo zinthu sizinatsikenso, ndingogula ina ngati ndikugula tomato? Foni yoti inalibe vuto lililonse masiku asanu apitawa?

Musaganize kuti ndikulota kapena ndine ndekha. Zoterezi zinachitikapo poyera, dziko lonse likuona. Mu Disembala 2017 kampani ya Apple inavomera kuti update yake inkachepetsa liwiro la ma iPhone ena amene mabatire awo anali atakalamba. Iwo anati ankatero pofuna kuti mafoniwo asamangothima mwadzidzidzi. Chifukwacho chikhoza kumveka, koma eni mafoni sanauzidwe. Anthu atakwiya, kampaniyo inapepesa, inatsitsa mtengo wosinthira batire kuchoka pa madola 79 kufika pa 29, ndipo mu 2018 inaika poti mwini foni aziona thanzi la batire yake n'kusankha yekha. Mu Febuluwale 2020 dziko la France linailipiritsa mayuro 25 miliyoni. Mlandu wake unali womwewu ndikunenawu: kusintha chinthu cha munthu osamuuza. Yanga si iPhone, ndalama zake ndilibe, koma khalidwe ndi lomwelo, ndipo kumeneko anthu atakuwa anamvedwa.

Ku Ulaya kuyambira pa 20 Juni 2025 kuli lamulo loti foni yatsopano yogulitsidwa kumeneko izilandira ma update kwa zaka zosachepera zisanu kuchokera pamene asiya kuigulitsa, ndipo batire yake izipirira kutchajidwa maulendo 800 ikadali ndi mphamvu 80 peresenti. Anthu anakhala pansi n'kuona kuti foni si chinthu chotaya chaka ndi chaka. Ife kuno timangolandira. Chabwera, tadina. Chationongera, tangoti ndi mmene zilili. Ine ndatopa nako kungoti ndi mmene zilili. Risiti ndili nayo, ndipo kalata yanga ya dandaulo ndilemba ndikaisiye ku CFTC, bungwe la boma loteteza ogula, ngakhale ena museke. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Amene amapanga zinthuzi amaziyesera pa mafoni atsopano a memory yambiri, muofesi yozizira, soketi ili pambali, Wi-Fi yosatha. Sadziwa foni ya zaka ziwiri ya 3 GB imene ili m'thumba la mayi woyenda pansi kuchokera ku depoti mpaka ku Kawale. Sadziwa kuti kuno magetsi akathima m'mawa, moto umene uli mufoni ndi womwewo mpaka usiku. Sadziwa kuti update ikatha, mapulogalamu onse amafunanso ma update awo, ndipo bandulo yanga ya sabata inatha tsiku limodzi ndi theka. Ndani andibwezere? Moto ndi wanga, data ndi yanga, malo ndi anga, nthawi ndi yanga, foni ndi yanga. Iwo chawo ndi chiyani mmenemu choti azilamulira?

Ndipo ndisanaiwale, kiyibodi. Zaka ziwiri ndakhala ndikuiphunzitsa mawu anga. Inkadziwa chambo, inkadziwa ndanyamuka, inkadziwa zikomo kwambiri mayi, ndikangolemba zilembo ziwiri inkamaliza yokha. Update yafufuta zonsezo. Pano liwu lililonse la Chichewa ikulidula mzere wofiira kunsi ngati ndalakwitsa, ndipo ikulisintha kukhala la Chingerezi ndisanaone. Dzulo ndalembera kasitomala kuti kampango alipo, meseji yapita ndi mawu oti ngakhale ine sindikuwadziwa, bambo aja n'kundifunsa ngati ndili bwino. Google Translate inaika Chichewa kale mu 2014, zaka zoposa khumi zapitazo, ndiye pasapezeke wondiuza kuti chilankhulochi n'chosadziwika kwa opanga mafoni. Anthu mamiliyoni timalemba Chichewa pafoni tsiku lililonse, ku Malawi, ku Chipata, ku Tete, ndi abale athu ali ku Johannesburg. Mwakwanitsa kupanga galasi lachifunga kumbuyo kwa mameseji, mwalephera kusunga mawu anga amene ndinakuphunzitsani ndekha?

Moto uli pa 9 ndipo magetsi kuno sanayake.