Kantini ya pachipatala izionetsa setifiketi yake

Lachiwiri ndinapita kukazonda alamu anga pachipatala china kuno ku Johannesburg. Kwathu gadiyani amagona pompo, amasonkha moto kuseri, phala n'kufika kuwodi likufuka nthunzi. Kuno zimenezo kulibe. Nthawi yoonera odwala ikatha, alonda amakutulutsa, ndiye ambirife timangothamangira pakantini kukagula kanthu koti wodwala alaweko.

Mayi wogulitsa anavala magolovesi, inde. Koma ndi magolovesi omwewo analandira R50 yanga, n'kupukuta tebulo ndi kansanza konyowa, kenako n'kudula polony yoika mu kota, buledi wobowola pakati woikamo zakudya. Ma pie anali m'kabokosi kagalasi, getsi likuyaka bwinobwino, koma nditakhudza galasilo linali lofunda ngati madzi osambitsira khanda.

Abale anga, lamulo lilipo. Lamulo la ukhondo wa malo ogulitsira zakudya, R638 la 2018, limati chakudya chotentha chizisungidwa pa madigiri 60 kupita m'mwamba, chozizira pa 5 kutsika m'munsi, chifukwa pakatipo m'pamene tizilombo timaswana. Wogulitsa aliyense ayeneranso kukhala ndi Certificate of Acceptability, setifiketi yochokera kukhonsolo yotsimikiza kuti malo ake akukwaniritsa malamulo aukhondo. Ndinamwaza maso pakhoma lonse, panali mitengo ya zakudya basi.

Mwaiwala kodi listeriosis, nthenda yofala kudzera m'zakudya, ya 2017 ndi 2018? Inapha anthu oposa 200, ambiri mwa iwo makanda, ndipo gwero lake linali polony yomweyi. Kachilombo kake kamakula ngakhale mufiriji, ndipo kamakonda amayi oyembekezera, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika. Ndani amaima pamzere wa kantini ya pachipatala ngati si omwewo?

Ana 6 atamwalira ku Naledi, ku Soweto, mu 2024, poganiziridwa kuti anadya zogula ku spaza, oyendera zaukhondo anakhamukira m'ma spaza, timagolosale ta m'makomboni momwe abale athu ambiri amagwira ganyu. Sindikutsutsa ayi, ana anafa. Koma changu chomwecho chilowenso pageti la chipatala. Kumeneko azifika mwadzidzidzi, thermometer ili m'manja, makamaka tsiku limene magetsi azima kapena pampopi pauma.

Kunena zoona, inenso sindinafunse za setifiketiyo. Tinazolowera kutseka pakamwa kuopa kuti akamva kalankhulidwe kathu ayamba kufunsa za mapepala athu. Kotayo ndinaiponya m'bini, alamu ndinangowapatsa nthochi. Lachinayi ndilawirira kuphika phala lansinjiro, ndipita nalo mufulasiki.